Batani Lotuwa la aTelala

Khoma lapakati pa chipinda changa ndi cha aTelala n'lopyapyala moti iwo akayetsemula, ine ndi amene ndimapukuta mphuno. Choncho musanene kuti ndinkamvetsera. Khutu langa linangopezeka latsamira khoma, likupuma, pamene mwana wawo wamwamuna ananena kuti:

"Mawa m'mawa ndibwera ndi loya, bambo. Inu kwanu n'kusayina basi."

"Nyumba ndi shopu yomwe?"

"Zonse. Nanga mukufuna musiyire munthu amene anakutayani? Achemwali anakuimbirani liti komaliza?"

Mpando unalira, kenako ndinamva mawu a aTelala, otsika ngati a munthu wolankhulira m'chidebe.

"Bwera naye loyayo."

Mwanayo ine ndimamutcha Wafungo, chifukwa perefyumu wake amafika pakhonde mwini wake asanatsike m'galimoto. Anatuluka akuliza kamluzu.

Ife timakhala m'nyumba ya okalamba. Ndi khonde limodzi lalitali lonunkha sopo ndi mankhwala opaka m'mabondo, zitseko uku ndi uku, ndipo kumapeto kuli chipinda chochezera kumene mipando yonse inayang'ana TV ngati kuti ndi imene inatibereka. Ntchito yathu yaikulu ndi kudikira. M'chipinda chilichonse anakhomamo foni yaikulu yagalasi, ife timati thireyi. Achibale akatsegula tsamba la nyumba ino pa intaneti amapeza nkhope zathu zitandandalikidwa ngati anthu ofunidwa ndi apolisi, ndipo pansi pa nkhope iliyonse pali batani lolembedwa kuti "Lankhulani nawo". Akadina, thireyi imalira, nkhope ya mwana wako n'kutulukira. Pa thireyiyo ife sitingaimbe. Timangoyankha.

Tsambalo anapanga ndi mwana wamkazi wa malemu mchimwene wanga. Ndinamupatsa dzina loti Namabatani, chifukwa anzake akulera ana iye akulera mabatani. Amakhala yekha m'kachipinda kapamwamba, amadya chilili, ndipo mnzake wapamtima ndi ketulo. Loweruka lililonse ankabwera ndi kompyuta yake kudzandiyesera zimene wapanga.

"Azakhali, mukanakhala inu mukanadina pati apa?"

Ine sukulu ndinalekeza tsiku limene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, ndinaona kuti asokonezeka mutu. Ndiye mwanayo ankati ine ndikapeza podina, dziko lonse lipeza. Anandiikiranso tsambalo pafoni yanga. Ndi iye anandiphunzitsa kuti batani labwino lizikhala lonenepa, la buluu wowala, m'makona mozungulira, pansi pake pali kamthunzi ngati lakhala pamwamba pa galasi. Ukaligwira lizilowa pang'ono ngati mkate wamoto, ndipo pakompyuta kamuvi kakafikapo kazisanduka kadzanja.

"Batani likakhala lathyathyathya, lotuwa, lopanda mthunzi, munthu saligwira," ankatero. "Maso amauza chala kuti apa pafa, usavutike."

Kuno lotuwalo timalidziwa bwino. Wokalamba akakwiya ndi ana ake amapita kwa aMetroni, amene amayang'anira nyumba ino, n'kunena kuti azimitse. Batani lake limatuwa, ana n'kuona okha kuti agogo atseka chitseko. Timatero kumene: kutseka chitseko.

Tsono aTelala ali ndi mwana wamkazi, namwino, amagwira ntchito kutali kokwerera ndege. Ndi iye anawabweretsa kuno atagwa kachiwiri m'shopu. Pageti aTelala anamuuza kuti, "Wanditaya ngati nsanza." Komabe Lamlungu lililonse thireyi yawo inkalira. Ankakangana, n'kuseka, n'kukangananso, ine ndikupsa mtima kuseri kwa khoma chifukwa nthabwala zina sindinkazimva bwino. Kenako inasiya kulira. Mwezi unatha, wina n'kutha. ATelala anasiya kumanga tayi. Mbale yawo inayamba kubwerera kukhitchini yodzaza.

Wafungo atapita ndinatsegula tsamba lija pafoni yanga. Ndinadutsa nkhope yanga, imene anandijambula ndikutafuna, n'kufika pa aTelala.

Batani lawo linali lotuwa ngati phulusa.

*

Ndinawapeza atakhala pabedi, akupukuta thireyi ndi kansalu ka magalasi.

"Odi, abambo a masuti. Kodi munatseka chitseko?"

"Chitseko ndi icho mwalowera osadikira kuyankhidwa."

"Ndikunena cha pafoni. Munapita kwa aMetroni kuti azimitse?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. ATelala mawu awo amawadula ngati nsalu yodula mtengo, sataya ngakhale kachidutswa.

"Ndizimitse chiyani? Chinazima chokha. Mayi, ndili ndi zoganiza."

Ndinatuluka. Ndili pakhonde ndinayang'ananso batani lotuwa lija. Ine chala changa chilibe khalidwe. Ndinadinapo belu la moto kuchipatala, ndinadinapo batani lofiira m'basi mpaka dalaivala anatsika kudzandipempha. Ndiye ndinati, iwe wakufa, tiye tione. Ndinadina.

Thireyi ya aTelala inalira.

Chitseko chinali chosatseka, ndinaona zonse. Munthu wa mabondo owuma uja anadumpha ngati mnyamata. Ndodo inagwa. Anakonza kolala, anasalaza tsitsi lawo lotsala lija, n'kugwira galasi.

"Mwana wanga..."

Pagalasipo panatuluka mphuno yanga.

Ndaseka anthu moyo wanga wonse, koma apa kuseka kunandithawa. Anaima osagwedezeka, kenako anatola ndodo, n'kudzatseka chitseko pang'onopang'ono, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinatsala ndekha pakhonde ndi funso langa. Chinthu chakufa chimalira bwanji?

*

AMetroni amalankhula ngati akuwerenga chikwangwani. Ndinawapeza mu ofesi akumwa tiyi wopanda shuga, zimene zimalongosola zambiri.

"Malinga ndi ndondomeko, nkhani za wokhala m'chipinda china sitikambirana ndi wokhala m'chipinda china."

"Sindikufuna nkhani, ndikufuna maso anu. Taonani apa."

Anayang'ana pafoni yanga, n'kuyang'ana pakompyuta yawo, n'kubwereranso pafoni. Kapu ija anaiika pansi.

"Kwa ine kuno akuoneka oyatsa. Ine sindinazimitse."

"Ndani wina anatseka chitseko chenicheni muno?"

"Malinga ndi ndondomeko..."

"Ndi aMphunzitsi a chipinda cha kumapeto, nyumba yonse ikudziwa, analengeza okha pa chakudya. Tiyeni tiyese."

Ndinadina batani lotuwa la aMphunzitsi. Ndinadina mpaka chala chinatentha. Palibe chinalira. Ndinaloza la aTelala, lofanana ndendende, n'kuwauza kuti limeneli lalira posachedwapa, koma ndisalidinenso chifukwa mtima wa munthu si belu.

"Ndiye kuti silinazimitsidwe," anatero aMetroni pang'onopang'ono. "Langopakidwa."

"Ngati munthu wamoyo kumupaka phulusa n'kumugoneka pamphasa. Nanga mwana wawo wa suti uja analowapo muno?"

"Anabwera. Anapempha kuti ndizimitse la bambo ake, akuti mafoni amawakweza magazi. Ndinakana. Mwini wake ayenera kunena ndi pakamwa pake. Kompyuta iyi sanaigwire, ndinali pomwepa mpaka anatuluka, ndipo ndinatsegula mawindo onse."

"Inuyo simungapake?"

"Ine ndili ndi poyatsa ndi pozimitsa basi. Zamitundu, zamithunzi, sizichitikira muno. Zimachitikira kwa amene anapanga tsambali."

Anasiyira pomwepo. Tinayang'anana. AMetroni anatenganso kapu yawo, koma sanamwe.

*

Mlonda wa pageti ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi. Amandifunsira ukwati chaka chilichonse, ine n'kumamuuza kuti adikire ndikule.

"Aaa, mkazi wanga wam'tsogolo! Lero mwatuluka ndi nkhope ya khoti."

"Amuna anga osalephera kulephera, ndiuzeni. Galimoto yoyera ya mwana wa aTelala mumaiona liti?"

"Ine maso anga ndi a geti, mayi. Za kunja kwa geti sindinalembedwere ntchito. Komano geti ili lili ndi mipata, ndiye zina zimalowa zokha m'maso, munthu usakufuna."

"Zalowa zotani?"

"Galimoto imeneyo mkati muno imalowa pakati pa sabata. Koma Loweruka imaima apo pakona, pansi pa mtengo, injini ikulira. Mafuta kungotentha chabe! Ine m'masiku anga ndikuyendetsa lole..."

"Lole tidzakwera tsiku la ukwati. Imadikira ndani?"

Anakanda m'khosi, n'kuyang'ana kumwamba ngati yankho lili pa waya wa magetsi.

"Pali mtsikana wina waulemu, amandipatsa moni ndi manja awiri. Amanyamula chikwama cha kompyuta. Kale ankadikira basi apa, nthawi zina mvula ikumunyowetsa. Masiku ano basi imadutsa osamupeza. Dzina sinditchula, mayi, chifukwa tsiku lina adzakhala wachibale wanga."

Ndinamusekera, chifukwa ankadikira kuti ndiseke. Koma pobwerera khonde lija linatalika. M'nyumba ino ena amachezeredwa ndi ana, zidzukulu, ampingo, mpaka agalu. Ine mlendo wanga ndi mmodzi yekha padziko lapansi. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali, foni ili m'manja. Ndikanatha kungotseka pakamwa. Nyumba si yanga, shopu si yanga. Koma kuseri kwa khoma kunkamveka kansalu kakupukuta galasi, siii, siii.

Ndinamuimbira Namabatani.

"Mwanawe, ndagwa m'bafa. Mwendo uwu sindikuumva."

*

Anafika akupuma wefuwefu, chikwama chili kumsana, n'kundipeza nditakhala pampando ndikusenda lalanje.

"Azakhali! Mwati mwagwa!"

"Ndadzuka. Bwera undikumbatire, ndinatsala pang'ono kufa."

Anali atavala chikhothi chimene sindinachionepo, chobiriwira, chosokedwa bwino koma chachikulu m'mapewa. Pokumbatirana ndinatembenuza kolala. M'kati mwake munali kamtanda kakang'ono ka ulusi wofiira. Kamtanda kameneko ndinakaonapo pa malaya a aTelala ali pachingwe, ndipo nditafunsa anandiuza kuti amaika pa zovala za apabanja pawo pokha, za makasitomala ayi.

"Chokongola. Wagula kuti?"

"Ndi mphatso."

"Eya. Khala apa, lero ndikuyese ndine." Ndinamupatsa foni, nkhope ya aTelala ili pagalasi. "Ukanakhala iwe, uli kutali, bambo ako anakuuzapo kuti unawataya ngati nsanza, ukanadina apa?"

Makutu ake anafiira ngati mmene ankachitira ali mwana akaba shuga.

"Batani ili likugwira ntchito, mwanawe. Wina walivula zovala basi. Walichotsa mthunzi, waliphwetsa, walipaka phulusa. AMetroni sangathe. Wafungo sadziwa n'komwe kuti kompyuta amayatsira kuti. Ine ndikanatha ndikanadzipakira langa lagolide. Watsala ndani?"

"Mwana wa aTelala anati ndi kwakanthawi," anatero motsitsa. "Anati adokotala anena kuti achemwali ake akaimba, bambo magazi amakwera, tsiku lina adzafera pafoni. AMetroni akukanira malamulo. Anati ndingolituwitsa kuti apume pang'ono. Sindinazimitse, azakhali. Ndinangosintha mizere ingapo. Aliyense akanadina likanalira."

"Ndi ndani anandiphunzitsa kuti maso amauza chala?"

Anaweramitsa mutu.

"Chikhothi wavalachi ndi cha namwino uja. Anachisoka ndi bambo ake, tembenuza kolala uone. Bwenzi lakolo layamba kale kugawa za m'nyumbamo. Mawa m'mawa akubwera ndi loya kuti bambo ake asayine nyumba ndi shopu, chifukwa mlongo wake akuti anawataya. Zimenezo anakuuza?"

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti sanamuuze. Anavula chikhothi chija msangamsanga ngati muli nyerere, n'kuchiika pabedi. Kenako anakhala pansi penipeni, pasimenti, msana utatsamira kabati.

"Amandifunsa ngati ndadya, azakhali."

"Ndani?"

"Iyeyo. Masana alionse amatumiza uthenga, wadya? Anthu ena onse amandilembera pakakhala kuti chinthu chawonongeka."

Ndinali nditakonza mawu ambiri akuthwa, ena ndinawanola kuchokera pageti. Onse anagwera m'mimba. Ndinamupatsa theka la lalanje.

"Idya. Ukatha ulidzutse."

Anatsegula kompyuta pamaondo. Ine ndinkangoona timizere ta zilembo ngati nyerere zapamzere. Anafufuta pena, n'kulemba pena, misozi ikugwera pa zala. Anati ndiyang'ane pafoni. Batani la aTelala linafufuma ine ndikuona, buluu anabwerera, kamthunzi kanakhala pansi pake. Linkachita kuitana chala.

"Latheka. Koma azakhali, munthu amene wapeza chitseko chotseka Lamlungu ndi Lamlungu sabweranso kudzayang'ana. Tsambali mwina anasiya kulitsegula."

Anaimirira, anapukuta m'maso, nati akupita kwa aMetroni kukanena yekha. Ndinati ndimuperekeze. Anakana.

*

Ine ndinanyamula chikhothi n'kukagogoda kwa aTelala. Ulendo uno ndinadikira kuyankhidwa.

Ndinafotokoza zonse, za kupaka, za galimoto ya pakona. Anamvetsera chikhothi chili pamiyendo, chala chawo chikusisita kamtanda kofiira.

"Ndiye mwaona, mwana wanu sanakutayeni. Ankaona ngati mwamutsekera."

"Inu munadina."

"Ine ndine wamisala, aliyense akudziwa."

"Munadina lili lotuwa. Inu, munthu wapadera. Iye wamagazi anga analephera kuyesa ngakhale kamodzi? Ofesi ili ndi foni. Anaimbako?"

"Inunso ofesi mumaidziwa njira. Munamuimbirako?"

"Kholo silipempha moni." Anapinda chikhothi bwinobwino, manja m'kati, monga amapindira atelala. "Mnyamatayo ndi wabodza, ndamva. Ndinamulera ndine, ndikumudziwa. Koma amabwera. Wabodza wobwera ndi woona wosabwera, ine ndisankha amene ndimamuona nkhope. Ndisayina."

"Abambo inu, mutu wanu ndi wouma ngati chidendene changa."

"Tsekani chitseko potuluka."

*

Mu ofesi ndinapeza aMetroni okha. Anati Namabatani wanena zonse, wapereka makiyi a tsamba, ndipo za ntchito yake akambirana akuluakulu. Anatulukira khomo lakumbuyo. Kwa ine sanadzere.

"Ndipatseni nambala ya namwino."

"Malinga ndi ndondomeko, nambala za achibale sitipereka." Anatenga foni ya pa tebulo, anadina manambala okha, n'kuika chomvera patsogolo panga. "Ine ndikukayang'ana ngati kukhitchini azimitsa mbaula."

Inalira kangapo. Anayankha mawu otopa, kumbuyo kukumveka timawilo ta mabedi a chipatala.

"Bambo ali bwanji? Chachitika n'chiyani?"

"Ali moyo, mwanangu, khazika mtima pansi. Ndine wa chipinda choyandikana nawo."

Ndinafotokozanso zonse. Ndinayamba kutopa nayo nkhaniyi, ndikanakhala ndi kaseti ndikanangoijambula. Iye anapuma mwamphamvu.

"Mchimwene wanga anandiuza kuti bambo safuna kumva mawu anga. Ndinatsegula tsamba, ndinaona ndi maso anga. Ndinalira mpaka anzanga kuntchito anandipatsa tchuthi."

"Tsopano latseguka. Dina, mwanangu."

"Iwo akudziwa kuti linali bodza?"

"Akudziwa."

"Ndiye anena kuti chiyani? Apempha kuti ndiwaimbire?"

Apa ndinalakwitsa, ndinachedwa kuyankha.

"Mwaona? Nthawi yonseyi sanapite n'komwe ku ofesi kukafunsa ngati ndili moyo. Nyumbayo asayine, sindinaifunepo. Akandifuna andiimbira okha. Pepani amayi, ndili pantchito."

Magazi amodzi, chidendene chimodzi. Choona ndinachiyesa kawiri tsiku limenelo ndipo kawiri konse chinabwerera chopanda kanthu. Ndiye ndinatenga chida chimene ndimachidziwa.

"Chabwino, mwanangu, usavutike. Ine ndimangofuna tidziwane, poti mawa loya akamaliza za nyumba amangitsanso ukwati wathu."

"Ukwati wa ndani?"

"Wa ine ndi bambo ako. Uzinditcha amayi, sindikonda zoti anti. Chithunzi cha malemu mayi ako chija ndichichotsa pabalaza, chimandiyang'ana moipa. Makina osokerawo ndiikapo miphika ya maluwa. Bambo ako ndawauza asiye magalasi, amaoneka okalamba. Komanso ndikufuna mwana mmodzi kapena awiri, tiona mmene Mulungu atithandizire."

"Inu ndinu ndani? Halo? Muli ndi zaka zingati inu?"

Ndinaika foni pansi.

Mabondo angawa sathamanga, koma tsiku limenelo anayesetsa. Ndisanafike pakati pa khonde ndinaimva. Thireyi ya aTelala ikulira, ikulira, ngati mwana wakhanda. Inalira nthawi yaitali moti ndinayamba kutukwana chamumtima. Yankhani, chidendene inu, yankhani.

Inasiya.

"Bambo! Mkazi ameneyo ndi ndani?"

"Mkazi uti? Moni sukupereka?"

"Makina a amayi aikepo maluwa? Mwapenga?"

"Iwe, ukulankhula ndi bambo ako. Ndipo waonda. Kumeneko sakudyetsa?"

"Inuyo mwadziona? Khosi latsala ngati la nkhuku! Tayi ili kuti?"

Ndinalowa m'chipinda changa. Anakangana mpaka belu la chakudya chamadzulo linalira, ndipo penapake pakati pa mkanganowo panali kachetechete wautali, wa anthu awiri akufwenthera. Khutu langa ndinalichotsa pakhoma. Zina ngakhale ine ndimazisiya.

Ndinaimbira Namabatani. Foni inalira mpaka inatopa. Ndinamulembera uthenga ndi chala chimodzi, zilembo zikuthawa: wadya? Sanayankhe.

*

M'mawa perefyumu anafika, kenako Wafungo, kenako loya wamfupi wonyamula chikwama chachikulu kuposa iye. AMetroni anali ataima pakhomo la aTelala manja ali kumbuyo, nkhope ya ndondomeko yeniyeni.

"Bambo, tafika. Cholembera ndi ichi."

"Loyayo mumupatse tiyi, wayenda ulendo wachabe," anatero aTelala. "Iwe khala apo. Mlongo wako akufuna akufunse za chikhothi chake."

Thireyi inalira nthawi yomweyo, ngati anapangana. Loya anatuluka yekha, tiyi osamwa. Zimene namwino anauza mchimwene wake sindingazilembe, pepala lingapse. Wafungo potuluka sanalize kamluzu, ndipo aMetroni anamuperekeza mpaka ku ofesi, kumene ankati kuli anthu ena ofuna kumva za zinthu zimene zakhala zikutuluka m'nyumba ya bambo ake.

Ine ndinakhala pawindo kuyang'ana poimira basi, ngakhale silinali Loweruka. Basi inabwera, inatsitsa mayi wina ndi dengu, n'kupita.

Kunamveka kugogoda. ATelala, atamanga tayi yofiirira, tsitsi lopesa, ndodo ili m'manja.

"Mayi, ndamva kuti ndikukwatira."

"Mwamva mochedwa. Anthu onse akudziwa."

"Ndipo mukufuna ana awiri."

"Mmodzi akwana, ngati mwatopa."

Pakamwa pawo panagwedera pang'ono. Kwa aTelala kumeneko ndiye kugwa n'kuseka.

"Mwana wanga wagula tikiti. Akuti akubwera adzaone ndi maso ake mkazi amene akufuna kuchotsa chithunzi cha mayi ake."

"Simunamuuze kuti ndinanama?"

"Ndikamuuza abweza tikitiyo." Anayang'ana mpando wachiwiri wa m'chipinda changa, umene unali wopanda munthu. "Ndiye mupirire, mukhale chibwenzi changa mpaka ndege itere. Pamenepa pali munthu?"

"Palibe."

Anakhala, n'kuika ndodo pakati pa miyendo. Tonse awiri tinayang'ana kumsewu.